Magazi a Shehata Anafika Mochedwa

Ku Kafr Sarhan, masiku amene Shehata anabadwa, kukula kwa mwana wamwamuna sankakuonera ndevu kapena mawu. Ankakuonera mkodzo. Tsiku limene mnyamata wakodza zofiira ndiye kuti walowa m'gulu la amuna, ndipo mayi ake ankaluluta mpaka nkhunda zonse kubalalika padenga la mzikiti. Atsikana ali ndi magazi awo, anyamata nawonso ali ndi awo. Akuluakulu ankatero, wotsutsa panalibe. Anyamata a nthawi imeneyo ankakhalira m'ngalande ngati achule, kusambitsa njati zoweta ndi kuba mavwende a tsidya lina, ndipo akandanda m'mphepete mwa munda kupikisana, dothi linkafiira psuu. Mpaka lero anthu a ku Cairo amadabwa ndi kufiira kwa matimati a kwathu. Ife chifukwa chake timachidziwa, koma pamsika sitinena.

Shehata yekha ndiye ankakodza madzi oyera mbee.

Mlandu unali wa mayi ake. Ana awo aamuna awiri oyamba ngalande inawameza, ndiye wachitatuyu anamupatsa dzina la wopemphapempha kuti diso loipa limulambalale, nam'manga chingwe m'chiuno, mbali inayo n'kumangirira ku chitseko. Mwana akamakula chingwe chinkatalikitsidwa, koma ku ngalande sichinafikeko. Alipo ena amene amalumbira kuti ngakhale pa tsiku la ukwati wake chinali chikadali m'kati mwa mkanjo.

Amene anamupatsa dzina lachitonzo anali Gaber, mwana wa mlimi woyandikana nawo, amene anayamba kukodza magazi mano a ubwana asanagweluke. Gaber ankaima pamalire pamene chingwe chathera, madzi a m'ngalande ali chuchuchu m'thupi, n'kumafuula:

"Madzi a Maluwa! Iwe Madzi a Maluwa! Takodzerako m'kabotolomu, amayi akufuna zothira m'makeke!"

Shehata anayesa zonse. Tsiku lina anamwa mtsuko wathunthu wa chidede, nakhala tsiku lonse kudikira. Chinafiira ndi lilime lokha. Ataona kuti thupi lamukana, anafuna umuna kwina: anatola kachidutswa ka ndudu kumbuyo kwa nyumba ya tiyi, nakayatsa. Kuyambira pamenepo ndudu sinachokenso pakamwa pake. Ankasuta moti anthu obwera kutali ankaona utsi n'kumayesa kuti ku Kafr Sarhan kwafika sitima.

Patapita zaka boma linabwera ndi majekeseni, kenako mapiritsi, n'kuuza anthu kuti magazi aja si umuna ayi, ndi likodzo, tizilombo tochokera ku nkhono za m'ngalande. Anthu anamva, anamwa mapiritsi, ana anayamba kukodza zoyera popanda womuseka mnzake. Koma nzeru imalowa m'mutu, chitonzo chimakhala m'mafupa. Amuna a msinkhu wa Shehata anakalamba nalo dzina lija.

Munthu woopa madzi ntchito yake ikhale yotani? Shehata anakhala wosita zovala. Simbi yake inali ija yosita ndi phazi, yolemera ngati mwana wa njati. Ankaiwotcha pamoto, n'kuikokera pathebulo lalifupi, n'kupondapo ndi phazi lamanja pa kathabwa, dzanja lili pa chogwirira chokhota, n'kumaiyendetsa pamkanjo ngati bwato. Madzi okhawo amene ankawalamulira anali a m'kamwa mwake: ankadzaza masaya, n'kuwapemerera pansalu, fuuu, mpaka utawaleza kuoneka pakhomo. Mpindo wa mkanjo wosita Shehata unkathwa moti mkwati wina anadulira chivwende. Maliro, ukwati, chikondwerero, mudzi wonse unkayenda wowongoka chifukwa cha phazi lake. Koma akalowa m'nyumba ya tiyi madzulo, Gaber ankakweza kapu, atavala mkanjo umene Shehata yemweyo wasita, n'kuti, "Pambukani amuna inu, Madzi a Maluwa adutse."

Shehata ankaseka nawo. Ankaseka bwino ndithu, mano onse panja. Amene ankadziwa kuti akabwerera kunyumba amangokhala duu kuyang'ana khoma anali mkazi wake yekha, Nabawiya.

Mulungu anawapatsa ana aakazi okhaokha. Amuna ena amatchulidwa ndi dzina la mwana wawo wamwamuna. Iye anali Abu Samah, bambo a Samah, mwana wake wamkazi woyamba, ndipo Nabawiya anali Umm Samah, mayi a Samah. Gaber pamenepanso sanalekerere: "Mumafuna mwamuna atuluke bwanji m'madzi a maluwa?"

Ndiye tsiku lina m'mawa, tsitsi litayera kale, ana onse atakwatiwa, Shehata analowa m'chimbudzi, natuluka akuthamanga mkanjo uli m'manja.

"Umm Samah! Umm Samah, tabwera udzaone!"

Nabawiya anasiya mtanda wa buledi, nasuzumira. Nkhope yake inagwa.

"Mwamuna wanga, amenewa ndi magazi."

"Eya! Magazi enieni! Taona kufiira kwake, ngati khangaza!"

"Zikupweteka?"

"Ngakhale pang'ono. Luluta, mkazi iwe, luluta!"

"Ndilulute matenda? Abu Samah, mwapenga kodi?"

"Ndi likodzo basi. Amuna onse anadwalapo."

"Likodzo lalowera pati mwa inu? Inu amene mvula ikangoti dontho mumabisala pansi pa thebulo? Inu amene pa mlatho mumadutsa mutatsinzina?"

"Mwina linachedwa m'njira," anatero Shehata, nkhope ili ngwee ngati mkwati.

Madzulo ake anavala mkanjo woyera, nanyamula mbale ya makeke a shuga, nakaikhazika pakati pa thebulo la Gaber. Nkhani itamveka, nyumba ya tiyi inagwedezeka ndi chikhakhali. Wina anaomba m'manja, wina analuluta ngati mkazi. Gaber anaimirira, nam'psompsona masaya onse awiri.

"Takulandira, m'bale wanga! Ena amakula ali ana, iwe wadikira mano athe kaye m'kamwa. Bola kuchedwa. Mawa tikufunira mkazi."

"Ndili naye kale."

"Ameneyo anakwatiwa ndi mtsikana mnzake. Tsopano akwatiwenso."

Anaseka mpaka misozi. Tsiku limenelo Shehata anakhala pampando wa pakati, osati wa kukhomo umene anauzolowera, ndipo tiyi wake anali wokoma kuposa tiyi yense amene anamwapo. Aliyense anam'langiza chimodzimodzi: kagule mapiritsi a likodzo, zitha. Anagula, anamwa, ndipo patapita masiku mkodzo unayeradi. Anakhala ngati wakhumudwa pang'ono. Koma magazi aja anabweranso okha, n'kupitanso okha, ngati mlendo wodziwa njira.

Nthawi yobzala thonje, chimkuzamawu cha pamzikiti chinalengeza kuti kwabwera madokotala pabwalo la sukulu, ndipo aliyense wachikulire amene waonapo magazi mumkodzo apite akapimidwe. Nabawiya anakonzeka kukangana, koma anadabwa kuona mwamuna wake atavala kale nsapato. Sankapita kukapimidwa ayi. Ankapita kukaima pamzere. Moyo wake wonse mizere ya amuna okodza magazi ankaionera patali, lero naye anali ndi malo ake. Anaima kutsogolo kwa Gaber, chifuwa chili patsogolo, akupereka moni kwa aliyense wodutsa kuti amuone.

Chipinda chopimira chinali kalasi yotchingidwa ndi nsalu ya pabedi. Kuseri kwa nsaluyo kunali Dokotala Marwa, mtsikana wa msinkhu wa Samah, wa maso otopa. Kunja kwa nsalu, makutu a mzere wonse anali tcheru.

"Amm Shehata, mumalowa m'madzi a m'ngalande?" anafunsa dokotala, akumutchula mwaulemu kuti Amm, ndiko kuti malume.

Shehata anayang'ana nsalu ija. Pansi pake pankaoneka zala za kumapazi za Gaber.

"Tsiku ndi tsiku, mwana wanga," anayankha mokweza. "Nsomba zonse zimandidziwa ndi dzina."

Kunja kunamveka kuseka kopanikiza.

"Fodya mumasuta?"

"Ndinayamba iwe usanabadwe, mayi ako asanabadwe."

"Pokodza magaziwo mumamva ululu?"

"Ine? Ngakhale kuyabwa kokha!"

Anayankha monyada, koma dokotala sanamwetulire. Anatumiza mkodzo kuti akauunike, nam'goneka pabedi, nam'paka mafuta ozizira pamimba, n'kumayendetsapo kachida kounikira akuyang'ana pa kanema. Anakhalitsa pamalo amodzi. Kenako anakokera mpando pafupi, natsitsa mawu moti ngakhale zala za Gaber sizikanamva.

"Amm Shehata, ndimvereni bwino. Mumkodzo mwanu mulibe dzira la likodzo ngakhale limodzi. Koma m'chikhodzodzo mwanu ndaonamo kanthu kotupa, kakang'ono ngati nyemba. Magazi osapweteka pa msinkhu wanu, kwa munthu wosuta, sitisewera nawo. Ikhoza kukhala khansa. Mupite ku chipatala chachikulu ku Mansoura akakulowetseni kapaipi kokhala ndi diso, kudzera m'njira ya mkodzo. Kakakhala kakang'ono chonchi amangokapala, munthu n'kubwerera kwawo. Koma mupite sabata ino. Mwamva, Amm?"

Pa zonsezi, chimene chinalowa m'khutu la Shehata ndi chimodzi: mulibe dzira ngakhale limodzi.

"Taunikanso, mwana wanga," ananong'ona. "Mwina abisala."

"Mulibe, Amm. Ndikanakonda akanakhalamo."

Anatuluka, mzere wonse uli maso pa iye.

"Wati chiyani?" anafunsa Gaber.

Shehata anaona nkhope za anzake, anakumbukira mpando wa pakati uja.

"Wati mazira ndi ochuluka moti ndikhoza kutsegula khola la nkhuku."

Bwalo la sukulu linaphulika ndi kuseka, ndipo Gaber anam'menya kumsana mwachikondi. Kunyumba anauza Nabawiya zomwezo. Nabawiya anam'yang'ana mokayika.

Si kuti Shehata anaiwala. Nyemba ija ankayenda nayo. Akamapondereza simbi ankaimva, kapena ankaganiza kuti akuimva. Ankadziuza kuti apita ndithu, koma mwakachetechete, pakapezeka chonamizira. Nanga munthu amene sanakwerepo minibasi popanda mudzi wonse kudziwa angapite bwanji ku Mansoura mobisa? Akamufunsa akati chiyani, likodzo limachizidwa ndi mapiritsi a pagolosale? Ndiye anati mwezi wosala ukatha. Mwezi wosala unatha, kunabwera mikanjo ya chikondwerero, mulu wofika kudenga. Anati ikatha imeneyi. Thonje linachita maluwa, linathyoledwa, alimi anayamba kukwatitsa ana awo, ndipo mkwati aliyense ankafuna phazi la Shehata. Magazi nawo akasiya sabata ziwiri, iye ankati, "Waona? Mtsikana uja anangoona mthunzi."

Kuzizira kutabweranso, magazi anayamba kutuluka ndi zibuluma. Mkanjo unayamba kum'kulira. Simbi imene ankaiyendetsa ngati bwato inayamba kum'kanika, ndipo tsiku lina anapsereza mkanjo wa munthu, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire chake. Nabawiya anafunda nsalu yake yakuda, napita ku kachipatala ka kumudzi woyandikana nawo kumene anamva kuti Dokotala Marwa amagwira ntchito.

Atangotchula dzina, dokotala anadzidzimuka. "Wosita zovala uja? Ku Mansoura anati chiyani?"

"Ku Mansoura kuti?"

Dokotala anagwira pakamwa.

Nabawiya sanapite kunyumba. Analunjika ku nyumba ya tiyi, kumene mkazi salowa, naima pakhomo penipeni. Amuna anasiya kusewera makhadi, utsi wa fodya nawo unaima m'malere.

"Hagg Gaber, tulukani," anatero, akumutchula ndi dzina laulemu la munthu amene anapitako ku Haji.

"Umm Samah, kwagwanji? Mkwati wathu ali kuti?"

"Mkwati wanu akufa. Likodzo alibe, sanakhalepo nalo. Ali ndi chotupa m'chikhodzodzo, anamuuza chaka chatha pasukulu paja inu muli kuseri kwa nsalu. Sanapite kuchipatala chifukwa choopa kuti mum'bwezera pampando wa kukhomo. Ine ndalankhula mpaka lilime lauma, sandimva. Inu munamuika m'dzenjeli ndi pakamwa panu, mum'tulutsenso ndi pakamwa pomwepo."

Anatembenuka n'kumapita. Gaber, amene chibadwire sanasowepo yankho, amene anayankhapo ngakhale bulu, anaika kapu yake pansi, tiyi osamaliza.

M'mawa mwake anafika pa kanyumba kositira. Anapeza Shehata atakhala pathebulo, moto osayatsa. Gaber anaona mmene makutu a mnzake atulukira, mmene khosi latsalira. Anatsokomola, nakweza mawu ngati kale.

"Ndamva mbiri yako, Madzi a Maluwa. Akuti ukuopa kapaipi."

"Ndani wanena?"

"Mudzi wonse. Ati ku Mansoura kuli kapaipi kamene amalowetsa kumene sikulowa kanthu, ndipo amuna enieni okha ndi amene amakapirira. Ine ndawauza kuti Shehata sangayerekeze. Ameneyo akangokaona akomoka."

"Iwe unalowetsedwapo?"

"Ine? Ndikangomva dzina lake mawondo amagundana. Likodzo n'chiyani, matenda a ana. Ngakhale achule ali nalo. Koma kapaipi! M'mudzi muno palibe amene anakalawa."

Shehata anam'yang'ana. Sanali wopusa. Anadziwa kumene mawuwo achokera, anaonanso kuti maso a Gaber afiira. Koma anakweza chibwano.

"Kagwire malo awiri m'minibasi. Ukaonerere mmene amuna amachitira."

Anapita. Gaber anakhala panja pa chipinda, akupemphera ndi mikanda mofulumira ngati akusenda nyemba. Shehata anatuluka akuyenda tang'atang'a ngati bakha, natukula chala: "Sindinalire." Namwino anavomereza kuti sanaliredi, kungoti anatchula mayi ake kangapo.

Zotsatira zitatuluka, dokotala wa kumeneko, bambo wa imvi, anawaitana onse atatu pamodzi ndi Nabawiya. Nyemba ija sinalinso nyemba. Inali itaboola khoma la chikhodzodzo, n'kufika m'mafupa a m'chiuno. Dokotala anafotokoza za mankhwala ochepetsa ululu ndi ochedwetsa matenda. Za kuchira sanatchule.

"Bwanji akanabwera chaka chatha?" anafunsa Nabawiya.

Dokotala anayang'ana pansi. "Mayi, tiyeni tikambe za lero."

M'minibasi pobwerera Shehata anati, "Gaber, wandisitira ndani mkanjo umenewu? Ukuoneka ngati watafunidwa ndi njati." Anali atausita Gaber yemwe, ndi simbi ya mkazi wake. Anaseka onse awiri, Nabawiya akuyang'ana pawindo.

Anakhala miyezi ingapo. Ana ake anabwera ndi zidzukulu, nyumba inadzaza. Ndudu anaisiya yekha, akuti yayamba kununkha ngati nsanza. Simbi inachita dzimbiri pakona, ndipo amuna a ku Kafr Sarhan anayamba kuyenda makwinya okhaokha ngati anthu ogona m'matumba. Gaber ankabwera tsiku lililonse kudzakhala pambali pa bedi. Dzina lija analisiya. Ankangoti Abu Samah, Abu Samah, mpaka tsiku lina wodwalayo anakwiya.

"Ukundilemekeza chifukwa chiyani? Ndafa kale? Nditchule dzina langa."

Gaber anayesa, koma chimene chinatuluka ndi Abu Samah yemweyo.

Tsiku lina m'mawa, tirigu atacha m'minda, Shehata anapempha chinthu chimodzi.

"Nditengereni ku ngalande."

"Kukatani, mwamuna wanga?" anafunsa Nabawiya.

"Ndikaione pafupi. Tsopano ingandichitenso chiyani?"

Gaber anabwera ndi ngolo ya bulu, anayalamo matiresi. Pofika m'mphepete anam'nyamula m'manja, munthu amene kale ankakankha simbi yolemera ngati mwana wa njati, tsopano wopepuka ngati mkanjo wouma. Anam'khazika pa mwala umene amayi amachapirapo, Nabawiya atam'gwira mapewa. Gaber anam'vula nsapato, nam'tsitsira mapazi m'madzi pang'onopang'ono, loyamba lamanja lija la chikanga cha simbi, kenako lamanzere.

Madzi anali obiriwira, akuyenda mwaulesi. Panadutsa khoko la chivwende, kenako botolo. Tsidya linalo njati inawayang'ana, n'kupitiriza kubzikula.

Shehata anagwedeza zala zake m'madzimo.

"Gaber."

"Ndili pano."

"Ndi zimenezi basi?"

"Ndi zimenezi basi, m'bale wanga."

"Madzi ozizira, onunkha matope."

"Eya."

"Ine ndinkayesa kuti muli chinachake."

Gaber anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. Nabawiya anati tiyeni tizipita, mphepo ingakuloweni. Koma Shehata anakana.

"Dikirani pang'ono. Mwina nkhono zikubwera. Zisapeze nditachoka, zingati Madzi a Maluwa wathawanso."

Anam'siya. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linafika pamutu, mapazi ali m'madzi.

Anamwalira tirigu asanathe kukololedwa. Pamaliro pake panabwera amuna onse a m'mudzi, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wa mkanjo wowongoka. Madokotala aja atabweranso pabwalo la sukulu chaka chotsatira, Gaber anaima pachipata kuyambira m'mawa ndi ndodo m'manja, akukokera mkati nkhalamba iliyonse yodutsa, ya magazi ndi yopanda magazi yomwe, ndipo wina akati ndi likodzo chabe, ankam'tukwana mpaka agogo ake. Madzulo ankapita ku nyumba ya tiyi, n'kukhala pa mpando wa kukhomo. Nabawiya simbi ija anakana kuigulitsa. Ikadali pakona pomwepo, ndipo akazi anzake akamufunsa amati palibe angainyamule.